Opaleshoni ya timabowo pa khansa ya m'chifu: nanga wodwala akakhala wofooka?

Kilinikala:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa akuluakulu a ku fiyeta. Tiyerekeze gogo wa zaka 78. Khansa yapezeka kumunsi kwa chifu, pafupi ndi potulukira chakudya, ndipo sikani sikuonetsa kuti yafika kuchiwindi kapena kumapapo. Koma thupi latsika kuchoka pa makilogalamu 54 kufika pa 45 m'miyezi 6, akuyenda ndi ndodo, magazi (hemoglobin) atsika kufika pa 8. Abale amva zoti kuli opaleshoni ya timabowo yosang'amba mimba, ndiye akakamira kuti imeneyo ndi yoyenera agogo poti ndi yaing'ono. Tiziwayankha kuti chiyani?

Dokotala wa Maopaleshoni:
Muyambe ndi kuwachotsa maganizo oti ndi yaing'ono, achimwene. Chaching'ono ndi bala la kunja. Mkatimo ntchito yake ndi yomwe ija timagwira titang'amba.

Timaboola timabowo 5. Ka pamchombo, ka mamilimita 10 kapena 12, ndi kolowetsera kamera, ndipo tinato, tiwiri mbali iyi tiwiri mbali inayo, ndi ta zida. Mimba timaipopa ndi mpweya wa carbon dioxide kuti ikwere, tipeze malo ogwirira ntchito. Chiwindi timachinyamula ndi chokowera kuti chisaphimbe chifu. Kenaka timamasula chinsalu cha mafuta chija chimalendewera pansi pa chifu, n'kumanga ndi kudula mitsempha ikuluikulu ya magazi yolowa m'chifu, uku tikukokolola timwanabele tonse tozungulira mitsemphayo chifukwa ndi momwe khansa imayamba kuthawira. Thumbo la duodenum timalidula ndi stepula pang'ono chabe kupitirira potulukira chakudya. Chifu timachotsapo magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo, ndipo podula kumtunda timasiya mpata wa masentimita 3 kuchoka pachotupa, kapena 5 ngati ndi khansa yoyanga m'khoma la chifu. Chochotsedwacho chimalowa m'kathumba n'kutulukira pa bala la masentimita 4 kapena 5. Pomaliza timalumikiza chotsala cha chifu ku matumbo aang'ono.

Zonsezi ndi maola 3 mpaka 4. Thupi la gogo uja lidzamva kuti lachotsedwa chifu, kaya kunja kuli timabala tating'ono kapena mzere wa masentimita 20.

Kilinikala:
Ndiye phindu lake lili pati, a Dokotala?

Dokotala wa Maopaleshoni:
Lilipo, lisakokomezedwe basi. Bala lalitali la kumtunda kwa mchombo limapweteka munthu akamapuma mozama ndi potsokomola, ndiye nkhalamba imangopumira pamwamba, makhololo n'kukhala pansi pa mapapo, chibayo n'kulowa. Timabowo timachepetsa ululu umenewu. Magazi otayika amachepa, matumbo amadzuka msanga, ndipo vuto la bala kuchita mafinya kapena kuphulika limachepa.

Njirayi inayambira ku Japan, komwe Seigo Kitano analengeza za opaleshoni yotere mu 1994. Ku Korea, kafukufuku wa KLASS-01 anatenga odwala 1,416 a khansa yongoyamba kumene: mavuto a pambuyo pa opaleshoni anali 13 pa 100 alionse kwa a timabowo, ndi pafupifupi 20 pa 100 kwa ong'ambidwa, kusiyana kwakukulu kuli pa mabala. Ku China, CLASS-01 inatenga odwala 1,056 a khansa yozama kale, ndipo patatha zaka 3 omwe khansa inali isanabwerere anali 76.5 pa 100 kwa a timabowo ndi 77.8 kwa enawo. Kuchiza khansa n'kofanana. Koma ya timabowo inkatenga pafupifupi mphindi 30 zoonjezera.

Wogonetsa Odwala:
A Dokotala, muwauzenso amene sanalowe m'kafukufukuyo. CLASS-01 inalekeza pa zaka 75, KLASS-01 pa zaka 80, ndipo ankatenga anthu oyenda okha, odzigwirira ntchito zawo. Gogo wa ndodo wa magazi 8 sakanalowa n'komwe. Ndiponso ku Netherlands, kafukufuku wa LOGICA wa odwala 227 anapeza kuti masiku ogona m'chipatala anali ofanana, 7 mbali zonse. Zimene tikudziwa za ofooka zachokera kwambiri m'mafayilo a odwala amene madokotala anawasankha kale kuti awa apirira. Zimathandiza, koma si umboni wolimba ngati winawo.

Tsono mbali yanga ndi mpweya uja mukuupopera m'mimba. Kawirikawiri amauika pa 12 mpaka 15 mmHg. Umafinya mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, ndiye mtima umalandira magazi ochepa. Umakankhira m'mwamba chotchinga cha pakati pa mimba ndi chifuwa, mapapo n'kupanikizika. Impso zimachepetsa mkodzo. Carbon dioxide yemweyo amalowa m'magazi, ndipo ife timakakamizika kukweza kapumidwe ka makina kuti atuluke. Pamwamba pa izo bedi amalipendeketsa, mutu m'mwamba miyendo pansi, kuti matumbo atsikire kumunsi, ndiye magazi amadikha m'miyendo. Wachinyamata sazimva zimenezi. Nkhalamba youma thupi, ya mtima wotopa, BP imagwa pompo.

Zochita zake ndi izi. Dripi ilowe mokwanira musanapope. Popani pang'onopang'ono, lita imodzi kapena awiri pa mphindi poyamba, chifukwa kutanuka kwadzidzidzi kwa mimba kumagwetsa kugunda kwa mtima, ndipo atropine, mankhwala okweza kugunda kwa mtima, akhale ali kale m'sirinji. Imani pa 8 mpaka 10 mmHg, ife tifewetsa minofu kwambiri kuti malo apezeke. Bedi lipendekeke pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi. Thupi lisazizire kutsika pa madigiri 36. Ndipo munthu amene mapapo ake anaonongeka ndi TB yakale, fodya kapena utsi wa nkhuni, carbon dioxide akamangokwera osatsika, tulutsani mpweya, ng'ambani.

Dokotala wa Maopaleshoni:
Pomalizapo ndikuvomera ndi manja awiri. Kusiya timabowo n'kung'amba si manyazi. Tigwirizane tisanayambe: ikakwana nthawi yakuti ntchito isanafike pakuti, tisintha. Opaleshoni yong'amba ya maola awiri ndi theka m'manja ozolowera imaposa ya timabowo ya maola 6 m'manja ophunzira. Wodwala wofooka si wophunzirirapo.

Wa Fizo:
Ndilowepo pa mawu oti "wofooka", chifukwa ambiri amangoyang'ana zaka. Alipo a zaka 80 olima munda wawo okha, aliponso a zaka 65 osatha kudzuka pamphasa popanda wowagwira. Kufooka kumayezedwa, ndipo zida zake ndi mpando, wotchi ndi tepi yoyezera.

Akhale pampando, adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhala. Zikapitirira masekondi 12, pali vuto. Ayende mamita 4 mwa mayendedwe ake a masiku onse: kupitirira masekondi 5 ndi kuchedwa. Adzuke ndi kukhala ka 5 manja atapinda pachifuwa: kupitirira masekondi 15 ndiye kuti minofu ya m'miyendo yatha. Pamene pali choyezera mphamvu ya dzanja, mwamuna osafika makilogalamu 27 kapena mkazi osafika 16 ndi wofooka minofu.

Palinso sikelo ya Clinical Frailty Scale ya Kenneth Rockwood wa ku Canada, ya masitepe 1 mpaka 9. Kuyambira pa 5 munthu amawerengedwa wofooka. Mafunso ake muwafunse m'chinenero cha moyo wa wodwalayo. Amapita yekha kumsika kapena kuchigayo? Amaphika yekha? Amasamba yekha? Wofuna thandizo pa kugula ndi kuphika ali pa 5, wofuna thandizo posamba ali pa 6, wodalira ena pa chilichonse ali pa 7. Mufunsenso gadiyani padera, chifukwa agogo ambiri pamaso pa dokotala amayankha kuti "ndili bwino" ngakhale akhala masabata atatu osatuluka m'nyumba.

Wogonetsa Odwala:
Muonjezepo mutu, amayi. Amene ayamba kale kuiwalaiwala ndi amene amabalalika usiku wachiwiri, n'kuzula dripi ndi machubu. Abale adziwiretu.

Wa Zakudya:
Gogo wa m'funsoli watsika makilogalamu 9 pa 54, kutanthauza pafupifupi 17 pa 100. Aliyense wotsika kuposa 10 mpaka 15 pa 100 m'miyezi 6, kapena BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu) yosafika 18.5, kapena albumin (puloteni ya m'magazi) yosafika 30, sayenera kupita ku fiyeta mawa. Apatsidwe masiku 7 mpaka 14 akudyetsedwa kaye. Khansa sithawa m'masabata awiri, koma msoko wa m'thupi lanjala sugwira.

Kawerengedwe kake: makalori 25 mpaka 30 pa kilogalamu patsiku, ndi mapuloteni magalamu 1.2 mpaka 1.5 pa kilogalamu. Kwa munthu wa makilogalamu 45 ndi makalori pafupifupi 1,300 ndi mapuloteni magalamu 54 mpaka 68. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye musaganize kuti dzira la m'mawa lakwanira. Phala la soya lothira nsinjiro, mkaka wa ufa ndi supuni ya mafuta ophikira, usipa wosinja wothira m'ndiwo, chiponde, nyemba zopota, pang'onopang'ono ka 6 patsiku.

Koma chenjezo lalikulu: munthu amene wakhala masiku ambiri osadya chilichonse chooneka, musamuthire chakudya chambiri tsiku loyamba. Shuga akalowa, insulin imakwera n'kukokera phosphate, potaziyamu ndi magnesium m'maselo, ndiye m'magazi zimatsika mwadzidzidzi, mtima n'kusokonekera. Yambani ndi makalori 10 pa kilogalamu, kwa gogoyu 450 patsiku, mupereke vitamini wa thiamine musanayambe kudyetsa, muziyeza mchere wa m'magazi tsiku lililonse, n'kumakweza pa masiku 4 mpaka 7.

Kilinikala:
Nanga ngati akusanza chilichonse, amayi? Ambiri amene timawaona kuno amabwera chotupa chitatseka kale njira. Amasanza nsima ya dzana.

Dokotala wa Maopaleshoni:
Ameneyo ndi wina. Masanzi a chakudya cha dzana opanda ndulu ndi chizindikiro choti potulukira patsekeka. Wataya asidi, chloride ndi potaziyamu, ndipo impso zauma. Muikeni chubu chachikulu cha m'mphuno, mutsuke chifu mpaka madzi azibwera oyera, masiku angapo, chifukwa chifu chotanuka ndi chotupa khoma sichisokeka bwino. Dripi yake ndi normal saline, potaziyamu n'kumaonjezera mkodzo ukayamba kutuluka. Chakudya chidutse pa kachubu kopyapyala kolowetsedwa ndi endoscope (kamera yodzera pakamwa) kupitirira chotupacho ngati kangadutse, apo ayi cha m'mitsempha kumene chilipo.

Wogonetsa Odwala:
Ndipo lamulo lija loti chakudya asiye maola 6, madzi oyera maola awiri opaleshoni isanachitike, silikhudza wotsekeka njira. Chifu chake chimakhala chodzaza ngakhale atasala tsiku lonse. Timayamwa chubu kaye, n'kumugoneka mwa changu chubu cha mpweya chilowe masanzi asanapite kumapapo.

Za magazi 8 aja: chotupa chimadontha magazi pang'onopang'ono, ndiye ayironi watha. Mapilisi a ayironi amachedwa ndipo amasokoneza m'mimba. Wa m'dripi ndi wabwino pakakhala masabata awiri kapena kuposa. Kuika magazi tikusungire amene atsika kwambiri kapena akupuma movutika.

Dokotala wa Khansa:
Musanafike pa mpeni, funso ndi lakuti opaleshoni yochotsa chifu ndi yoyeneradi? Sikani imaphonya timbewu tating'ono ta khansa tomwazika pa nembanemba ya m'mimba. N'chifukwa chake pa chotupa chozama ndi bwino kuyamba ndi kusuzumira ndi kamera, ntchito ya mphindi zosakwana 30, n'kutsukamo madzi okayeza. Apa ndiye pamene timabowo timapulumutsa ofooka kwambiri: mukapeza kuti yamwazika, munthu sanang'ambidwe pachabe. Ngati njira yatsekeka, pomwepo mukhoza kulumikiza chifu ku thumbo kulambalala chotupacho kuti azidya, kapena kuika stent (kachubu kotsegula njira) ngati masiku otsala akuoneka ochepa.

Mbali inayo, khansa yaing'ono yosapitirira masentimita awiri, ya pamwamba penipeni pa khungu la mkati mwa chifu, yopanda chilonda ndiponso ya mtundu wosalusa, imasendedwa ndi endoscope popanda kuboola mimba. Zoterezi zimapezeka kwambiri ku Japan ndi ku Korea komwe amayeza anthu asanadwale.

Za mankhwala: kwa olimba, ku Ulaya amapereka FLOT, mankhwala angapo a khansa ophatikiza, ka 4 opaleshoni isanachitike ndi ka 4 pambuyo pake. Kafukufuku wa ku Germany wa 2019 anaonetsa theka la odwala akufika miyezi 50, pamene pa mankhwala akale inali miyezi 35. Koma FLOT ndi yaukali, imagwetsa maselo oyera a magazi ndi kutsegula m'mimba. Gogo wa pa sitepe 5 kapena 6 akhoza kufooka nayo mpaka osafikanso ku fiyeta. Kwa otere timachepetsa mankhwala kukhala awiri, kapena kupita ku opaleshoni mwachindunji. Ku Britain, kafukufuku wa GO2 pa okalamba ndi ofooka a khansa yofalikira anapeza kuti 60 pa 100 ya mlingo wa oxaliplatin ndi capecitabine inagwira matenda mofanana ndi mlingo wonse, mavuto n'kuchepa.

Sisita wa HDU:
A Dokotala a maopaleshoni, funso la timwanabele. Kwa wofooka mumachotsabe tonse mpaka D2?

Dokotala wa Maopaleshoni:
Apa madokotala timasiyana, a Sisita. D2 ndi kukokolola mpaka pa mitsempha yopita kuchiwindi ndi ya pamwamba pa pancreas. Ndanena dala pancreas m'Chingerezi, chifukwa mawu oti kapamba ena amatanthauza iyeyu, ena spleen, ndipo m'fiyeta kusokoneza ziwirizi ndi ngozi. Kafukufuku wakale wa ku Netherlands anapeza imfa 10 pa 100 pa D2 ndi 4 pa 100 pa D1, yochotsa timwanabele ta pafupi ndi chifu tokha, makamaka chifukwa nthawi imeneyo ankachotsa spleen ndi mchira wa pancreas. Patatha zaka 15, omwalira ndi khansayo anali ochepa kwa a D2. Ndiye phindu la D2 limabwera patapita zaka, pamene ngozi yake imabwera sabata yomweyo. Kwa munthu wa zaka 78 wa pa sitepe 6, maganizo anga ndi D1+, ya pakati pa D1 ndi D2, spleen osaikhudza, koma timwanabele tifike 16 kuti oyeza athe kunena siteji molondola. Wa zaka zomwezo wolima yekha, D2.

Chachiwiri, siyani kachifu ngati malire alola. Kuchotsa chonse kumafuna msoko wa kummero ndi thumbo, womwe ndi wovuta kwambiri pa timabowo ndipo ukadontha umapha. Polumikiza chotsala, njira yotchedwa Billroth II ndi msoko umodzi, yachangu, koma ndulu imabwerera m'chifu, ndipo nkhalamba yogona chagada ikhoza kuikokera kumapapo. Roux-en-Y ndi misoko iwiri, ndulu imalowera masentimita pafupifupi 40 kumunsi. Mukasankha imeneyi, tsekani mipata ya pakati pa matumbo ndi ulusi wosasungunuka. Timabowo sitisiya zomatirira zambiri m'mimba, ndiye thumbo limatha kulowa pa mpata n'kupotokola patapita miyezi, munthu ataonda.

Dokotala wa Khansa:
Pa D1+ ndingoti isasanduke chizolowezi kwa aliyense wa imvi. Sikelo ya a fizo ija ndiyo iweruze.

Sisita wa HDU:
Ku wodi tsono. Vuto la timabowo ndi loti wodwala amaoneka bwino msanga, anthu n'kutayirira. Madzulo a tsiku la opaleshoni akhale tsonga, mutu wa bedi ukwere madigiri 30. M'mawa mwake atsike ayende, ngakhale masitepe 10 atagwiridwa mbali zonse. Kupuma mozama ka 10 ola lililonse ali maso, potsokomola agwirize pilo pamimba. Mkamwa mutsukidwe kawiri patsiku, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndi timene timapita kumapapo. Madzi pang'ono tsiku loyamba, phala lamadzimadzi tsiku lachiwiri kapena lachitatu monga alamulira dokotala. Kupweteka kwa phewa tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi mpweya wotsalira, kumatha kokha.

Kudontha kwa msoko kumaoneka kwambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi la 7. Nkhalamba kawirikawiri satentha thupi, ndipo mimba siuma gwa ngati ya wachinyamata. Chimene mudzaone ndi mtima wothamanga kuposa 100 osatsika ngakhale ululu wathetsedwa ndi dripi yalowa, kupuma kopitirira ka 22 pa mphindi, mkodzo kuchepa, kapena gogo amene dzulo amacheza bwino lero akuitana anthu omwalira kale. Musathamangire kumubaya mankhwala ogonetsa. Kubalalika kwatsopano pa tsiku la 4 tikutenge ngati msoko wadontha kapena chibayo mpaka zitatsimikizika kuti si choncho. Amene amamwa mankhwala a BP a atenolol mtima wake suthamanga, ndiye musadalire nambala imeneyo yokha.

Yang'anani botolo la dreni ndi maso anu pa shifiti iliyonse. Madzi ofiirira pang'ono oyera ndi abwino. Obiriwira ngati ndulu, ganizani chitsa cha duodenum. Otuwa onunkha, msoko. Magazi ofiira atsopano, itanani dokotala nthawi yomweyo. Tsiku lachitatu atumize madziwo kukayeza amylase, chogayira chakudya chochokera mu pancreas: ikapitirira katatu mlingo wa pamwamba wa m'magazi, pancreas ikudontha, dreni isachotsedwe.

Wogonetsa Odwala:
Pa ululu, paracetamol pa nthawi yake, koma wa makilogalamu osafika 50 mlingo utsike kufika mamiligalamu 15 pa kilogalamu. Mankhwala ochititsa dzanzi abayidwe pa timabowo. Morphine pang'onopang'ono. Pethidine ndi diazepam ayi, zimabalalitsa okalamba. Diclofenac ndi ibuprofen ayi, impso zangochoka kumene pa mpanipani wa mpweya uja. Jakisoni woletsa magazi kuundana, enoxaparin mamiligalamu 40 patsiku, apitirire masiku 28, koma mlingo utsike ngati impso zili zofooka kapena thupi ndi lochepa kwambiri ngati la gogoyu. Magalasi a maso ndi mano oikirira abwezedwe akangodzuka, ndipo gadiyani amene amamudziwa akhale pafupi usiku.

Kilinikala:
Zamveka. Akabwerera kwathu kuno, ife tiziyang'ana chiyani?

Wa Zakudya:
Sikelo, ulendo uliwonse. Kutsika thupi m'miyezi yoyamba kumachitika kwa pafupifupi aliyense, ndipo wochotsedwa chifu chonse amatha kutaya 10 pa 100 kapena kuposa, pamene gogoyu alibe poti ataye. Chakudya chikhale cha m'kambale kakang'ono ka 6 mpaka ka 8 patsiku, chotafunidwa bwino. Nsima ikhale yofewa, mbamu zing'onozing'ono, ndiwo za mapuloteni zidyedwe poyamba. Madzi asamwere pa chakudya, adikire mphindi 30.

Abale achenjezedwe za chikondi cha zakumwa zotsekemera. Tiyi wa masupuni 4 a shuga, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo zimathamangira m'matumbo popanda chozigwira. Pakatha mphindi 10 mpaka 30 munthu amatuluka thukuta, mtima kugunda, chizungulire, m'mimba kutsegula. Mtundu wina umabwera pakatha ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi atagwa chifukwa insulin inatuluka yambiri, ndipo kwa wa ndodo mapeto ake ndi kugwa n'kuthyoka chiuno.

Dokotala wa Maopaleshoni:
Ndi vitamini B12. Chifu ndicho chimapanga chinthu chothandiza kuti vitamini ameneyu alowe m'thupi. Wochotsedwa chonse azibayidwa moyo wake wonse, hydroxocobalamin miligalamu imodzi pa miyezi itatu iliyonse, kapena cyanocobalamin mwezi ndi mwezi. Wotsala ndi kachifu aziyezedwa kamodzi pachaka pamodzi ndi ayironi. Nkhokwe ya m'chiwindi imatha pang'onopang'ono, ndiye dzanzi la kumapazi ndi kuiwala zimabwera patapita chaka kapena zingapo, anthu n'kumati ndi ukalamba. Mulembe m'buku lake la kuchipatala ndi zilembo zazikulu kuti anachotsedwa gawo liti la chifu ndipo analumikizidwa motani. Akadzabwera ndi mimba yopotokola mwadzidzidzi ndi kusanza, ngakhale patapita chaka, mumutumize tsiku lomwelo.